Amuna Anga Akuonda Chifukwa Chodya Zofutsa: Mafuta ndi Kapamba Wotupa

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti amuna ake anawapeza ndi matenda amgonagona a kutupa kwa kapamba. Potuluka m'chipatala anauzidwa mawu atatu okha: "asamadye za mafuta." Miyezi inayi tsopano zonse n'zofutsa, koma bambowo atsika makilogalamu 9, lamba anabooledwa kale mabowo ena awiri, ndipo chimbudzi chikadali chotuwa, chonona. Funso la mayiwa ndi lakuti, "Ndichotsenso chiyani?"

Mayi, musachotsenso kanthu. Inu simunalakwe, mwachita zimene munauzidwa, ndipo kutereka miphika iwiri tsiku lililonse kwa miyezi inayi si ntchito yamasewera. Cholakwika ndi malangizowo, chifukwa anadulidwa pakati. Mawu atatu amenewa aondetsa anthu ambiri ndi mutu womwe, ndipo ndikawaona m'kalata mtima umandiwawa.

Tiyambe tamvana za chiwalo chake, poti dzina lakuti kapamba ena amatchulira chiwalo china cha kunthiti ya kumanzere, chija chimatupa ndi malungo. Amene tikunena pano ndi kapamba wogona chopingasa kuseri kwa chifu, wotalika masentimita pafupifupi 15, amene madokotala amati pancreas, ndipo akatupa amati pancreatitis. Ntchito zake n'ziwiri. Amathira m'magazi insulini ndi glucagon zowongolera shuga. Amathiranso m'matumbo madzi opitirira lita imodzi patsiku, momwe muli maenzaimu ogaya chakudya: amylase wogaya zokhutitsa monga mpunga ndi buledi, trypsin ndi anzake ogaya zomanga thupi, ndi lipase wogaya mafuta. M'madzi omwewo muli bicarbonate, amene amazimitsa asidi wochokera m'chifu kuti maenzaimuwo agwire ntchito.

Nkhani yagona pa lipase. Zokhutitsa zimayamba kugayika ndi malovu mkamwa, nyama imayamba kugayika m'chifu, koma mafuta amadalira kwambiri kapamba. Lipase yemweyo ndiye wosachedwa kufa akakumana ndi asidi. N'chifukwa chake kapamba akafooka, choyamba kuonekera m'chimbudzi ndi mafuta. Mu 1973 dokotala wina dzina lake DiMagno ndi anzake a ku chipatala cha Mayo Clinic ku America anasonyeza kuti mafuta sayamba kutuluka m'chimbudzi kufikira maenzaimu atatsika kufika pansi pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mlingo wake. Ndiye chimbudzi chotuwa, chonunkha mwachilendo, choyandama, chosiya timadontho ta mafuta pamwamba pa madzi ndiponso chokanirira ngakhale mugujumule kawiri, chikunena kuti kapamba watsala ndi mphamvu yochepa. Sichikunena kuti wophika walakwitsa. Ndipo sichisintha chifukwa chobisa botolo la mafuta, poti nyama, mazira ndi mkaka zili nawo kale mafuta ake.

Nanga lamulo loletsa mafuta linachokera kuti? Lili ndi pake. Pali kutupa kwadzidzidzi, kuja munthu amagwidwa ndi ululu woopsa pamwamba pa mchombo wobaya mpaka kumsana, n'kumasanza. Kawirikawiri chimayambitsa ndi timiyala ta mu ndulu kapena mowa. Mafuta akafika m'matumbo, thupi limatulutsa homoni yotchedwa cholecystokinin youza kapamba ndi ndulu kuti zigwire ntchito, ndiye kwa munthu amene wangodwala kumene, chakudya chonona chimatha kudzutsa ululu. Pa masabata oyambirira amenewo n'zoona kuti adye zofewa, za mafuta ochepa. Koma limeneli ndi lamulo la masabata, si la moyo wonse.

Ngakhale pa kutupa kwadzidzidziko, maganizo akale akuti kapamba "apume" anagwa. Kale wodwala ankamugoneka masiku ambiri osalawa kanthu, akungolandira diripi. Zinadzaoneka kuti matumbo akakhala opanda chakudya, khoma lake limafooka ndipo mabakiteriya amadutsa n'kukayambitsa matenda pa kapamba wovulala uja. Malangizo a bungwe la American Gastroenterological Association a mu 2018 amati wodwala ayambe kudya pasanathe maola 24 ngati angathe, ndipo wosatha kudya apatsidwe chakudya kudzera m'chubu cha m'mphuno osati m'mitsempha. Pa matenda amgonagona, bungwe la ku Ulaya loona za kadyedwe ka odwala la ESPEN linalemba mu 2020 kuti odwala safunika kusala zakudya, ndipo mafuta achepetsedwe pokhapokha ngati chimbudzi chonona chakanika kuletseka ndi mankhwala. Zimenezi zinalembedwa kalekale, koma anthu akutulukabe m'zipatala ndi mawu atatu aja. Ine ndimati kumeneko n'kusasamala. Kuletsa chinthu kumatenga masekondi asanu, pamene kufotokoza kamwedwe ka mankhwala kumafuna mphindi 20, ndiye ambiri amasankha chachifupicho.

Taonani masamu ake. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9 (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya), pamene zokhutitsa ndi zomanga thupi zimapereka 4. Munthu wofunika makalori 2,000 patsiku, amene magawo 30 pa 100 alionse amachokera ku mafuta, amadya magalamu pafupifupi 67 a mafuta, omwe ndi makalori 600. Mukawachotsa, kuti mubweze mphamvu imeneyo afunika kuwonjezera makapu atatu a mpunga wophika pa zimene amadya kale. Munthu amene m'mimba mukumuwawa, amene akukhuta akangodya pang'ono, sangathe zimenezo. Ndiye thupi limayamba kudya minofu yake. Komanso mavitamini A, D, E ndi K amalowa m'thupi atakwera pa mafuta. Akasowa, maso amavutika kuona usiku, magazi amachedwa kuundana munthu akadzicheka, ndipo mafupa amafumbwa mwakachetechete. Mwa odwala kutupa kwa kapamba kwamgonagona, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse amapezeka ndi mafupa ofooka kwambiri, ndipo ambiri amadziwa tsiku limene athyoka.

Mankhwala a vuto la amuna anu, ngati dokotala atsimikiza, ndi makapisozi a maenzaimu. Dzina lodziwika kwambiri ndi Creon, koma alipo ena. Potsimikiza amayeza chimbudzi kuti aone enzaimu yotchedwa elastase: ikakhala pansi pa mamaikilogalamu 200 pa galamu ndiye kuti kapamba akuperewera, ikatsika pansi pa 100 ndiye kuti waperewera kwambiri. Chimbudzi chopita kukayezedwa chisakhale chamadzi, chifukwa madzi amasungunula elastase n'kupereka nambala yotsika yabodza.

Ambiri amene amati makapisoziwa sawathandiza amakhala kuti akuwamwa molakwika kapena anapatsidwa ochepa. Nambala ili pa botolo, kaya 10,000 kaya 25,000, ndi mayuniti a lipase m'kapisozi mmodzi. Munthu wamkulu nthawi zambiri amayambira pa 40,000 mpaka 50,000 pa chakudya chachikulu, ndi theka lake pa chakudya chapakati. Amene akumwa kapisozi mmodzi wa 10,000 katatu patsiku, m'mawa, masana ndi madzulo ngati mankhwala a chimfine, akungotaya nthawi. Maenzaimuwa salowa m'magazi kuti azigwira ntchito tsiku lonse. Ayenera kusakanikirana ndi chakudya chenichenicho m'chifu n'kutsikira nacho limodzi. Kapisozi woyamba amezedwe pamodzi ndi chakudya choyamba kulowa mkamwa, wina pakati, makamaka ngati bambowo amadya mosafulumira kupitirira mphindi 20 kapena 30. Akamwa ola lathunthu asanadye, mankhwala amatsogola okha. Akamwa atasamba kale m'manja, chakudya chimakhala chitapita.

Mukatsegula kapisozi mupezamo timibulu tating'onoting'ono. Kalikonse n'kokutidwa ndi chikopa choletsa asidi wa m'chifu, chimene chimasungunuka pokhapokha kakafika m'matumbo. Ndiye osatafuna, osasinja. Wotafuna amapha mankhwala komanso amatupsa zilonda mkamwa, poti maenzaimu sasiyanitsa nyama ya m'mbale ndi ya m'tsaya. Ngati kumeza kukuvuta, thirani timibuluto pa supuni ya chakudya chowawasa chozizira monga yogati, ameze nthawi yomweyo n'kutsukuluza mkamwa ndi madzi. Osamezera tiyi wotentha. Botolo lisakhale pawindo, pafupi ndi moto kapena m'galimoto yoima padzuwa; ambiri amalembedwa kuti asungidwe pa kutentha kosapitirira madigiri 25. Kapu ya mkaka imafuna kapisozi, chipatso chopanda mafuta monga lalanje sichifuna. Ngati zonsezi zikutsatidwa koma chimbudzi sichikusintha, dokotala amawonjezera mlingo, kenako amapereka mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole, chifukwa kapamba wofooka satulutsa bicarbonate wokwanira ndipo timibulu tija timachedwa kutseguka.

Chinthu china choti mudziwiretu: maenzaimuwa amatengedwa ku kapamba wa nkhumba. Amene chipembedzo chawo chimaletsa nkhumba ndi bwino akambirane ndi atsogoleri awo poyera kusiyana n'kungosiya mankhwala mwakachetechete.

Apa pamabwera anthu a pa intaneti ndi nkhani ya papaya ndi chinanazi, ati zili ndi maenzaimu achilengedwe. Zili nawodi, koma ndi ogaya zomanga thupi, ndipo mafuta sawakhudza n'komwe. Enanso amagulitsa timadzi "totsuka kapamba." Kapamba si sefa yoti n'kutsukidwa. Munthu woonda kale akamatha masiku akumwa madzi a zipatso okhaokha, shuga amakwera, minofu imatha, ndipo chilonda cha m'kati chimakhala pomwepo. Chimodzimodzi kudzaza mbale ndi masamba osaphika ndi madeya pofuna "kudya zathanzi": zakudya za ulusi wambiri zimasokoneza maenzaimu, zimakhutitsa msanga ndiponso zimadzaza mpweya m'mimba. Masamba ophika pa mlingo wamba alibe vuto.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti banja limatha kulimbana ndi kadontho ka mafuta mu mphika koma ndudu ili pakamwa. M'kalata yanu simunanene ngati bambowo amamwa kapena kusuta. Ngati amatero, zosala zenizeni n'zimenezo. Mowa wonse, wamtundu uliwonse, ngakhale matendawo sanayambe ndi mowa. Fodya amafulumizitsa kuwonongeka kwa kapamba ndi kumera kwa timiyala mkati mwake, komanso amawonjezera ngozi ya khansa ya kapamba. Pa ziwirizi palibe za "pang'ono chabe."

Alipo amene mafuta ayenera kuwachepetsadi kwambiri: anthu amene kapamba anatupa chifukwa cha mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides, makamaka akapitirira 1,000 mg/dL. Iwowa amachepetsanso shuga ndi zakumwa zotsekemera, motsogozedwa ndi katswiri wa zakudya. Ngati gwero ndi timiyala ta mu ndulu, kusala zakudya sikungatichotse, pamafunika opaleshoni yochotsa ndulu. Funsani kuti kwa amuna anu chinayambitsa n'chiyani.

Shuga nayenso ayezedwe, chifukwa kuonda kotereku kungachokerenso kumeneko. Matenda a shuga obwera ndi kapamba wowonongeka, amene amatchedwa mtundu wa 3c, ndi ovuta chifukwa glucagon, wokweza shuga akatsika, amakhalanso ataperewera. Wodwala wa pa insulini akadumpha chakudya amatha kunjenjemera, kutuluka thukuta n'kukomoka. Akayamba makapisozi shuga angakwere pang'ono poti chakudya chayamba kulowa m'thupi, ndipo chimenecho si chifukwa chowasiyira.

Nanga m'mbale muikemo chiyani?

Adye kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku, pang'onopang'ono. Zomanga thupi zikhale galamu 1 mpaka 1.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye munthu wa makilogalamu 60 afunika magalamu 60 mpaka 90: dzira limodzi lili ndi 6, chidali cha nkhuku chophika cha magalamu 100 chili ndi pafupifupi 30, kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Mafuta abwerere akayamba makapisozi, ndipo amwazikane tsiku lonse, magalamu 10 mpaka 15 pa chakudya chilichonse, osati onse pa mgonero umodzi. Supuni yaing'ono ya mafuta ophikira ndi magalamu pafupifupi 5, yaikulu 14, dzira 5, kapu ya mkaka 8. Yambani ndi supuni yaing'ono imodzi pa chakudya, dikirani masiku atatu, kenako onjezerani. Zokazinga zomira m'mafuta, masoseji ndi nyama yonona kwambiri zikhale zomalizira kuyesa, ndipo zimene zikudzutsa ululu mobwerezabwereza zisiyidwe.

Pezani kabuku, muzilembamo zimene adya, makapisozi amene amwa, ululu ndi maonekedwe a chimbudzi. Akwere sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa asanadye, sikelo yake yomweyomweyo. Makilogalamu 9 pa miyezi inayi si oyembekezera tsiku lobwerera kuchipatala limene munapatsidwa, pitani sabata ino mukapemphe kuyeza elastase, shuga ndi vitamini D, ndipo dokotala aonenso ngati palibe china chimene chikuwaondetsa. Koma ululu woopsa wosaleka, kusanza kosalekeza, kutentha thupi, kapena maso achikasu, zimenezo n'zonyamuka usiku womwewo.