Kwawo kwa gulugufe woyera wa pakabichi n'kuti?

Mayi wina wokhala ku Leicester, ku England, wandilembera imelo. Akuti agulugufe oyera sakuchoka pa repu ndi kabichi m'kadimba kawo, ndiye akufunsa ngati ndi omwe aja tinkathamangitsa kumudzi tili ana, komanso kuti anachokera kuti.

Mayi, ngati ndi wocheperako, wa kadontho kakuda kamodzi kapena tiwiri paphiko, ameneyo ndi Pieris rapae. Carl Linnaeus wa ku Sweden ndiye anamulemba m'kaundula wa zamoyo mu 1758. Liwu loti rapae likuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza tanaposi, komwenso kunachokera dzina la repu wanuyo. Ndiye musadabwe kumupeza pamenepo, dzina lake lomwe ndi la ndiwo.

Za kwawo zinamveka bwino mu 2019, Sean Ryan ndi anzake atasonkhanitsa agulugufe oposa 3,000 ochokera m'mayiko 32 n'kufufuza majini (tizinthu ta m'thupi totengera kwa makolo) a ena mwa iwo. Ena anachita kutumiziridwa ndi anthu wamba, owakola ndi ukonde kuseri kwa nyumba zawo. Zotsatira zake zinaloza chakummawa kwa nyanja ya Mediterranean. Zaka pafupifupi 1,200 zapitazo mtunduwo unagawikana, wina kutsalira ku Ulaya, wina kukafika ku China, ndipo ofufuzawo akuganizira msewu wa amalonda a silika.

Kwinaku anachita kukwera sitima. Anaoneka ku Quebec, ku Canada, cha m'ma 1860, ndipo zaka 100 zisanathe anali atafika ku New Zealand ndi ku Australia. Mapiko ake sakanaoloka nyanja zimenezo. Anamunyamula ndife, ali dzira kapena mbozi yobisala m'masamba a kabichi. N'chifukwa chake kumutcha mlendo wosaitanidwa ine ndimakuona ngati kumulakwira. Masamba a banja la kabichi ali ndi mankhwala owawa aja timawamva mu mpiru, amene amapirikitsa tizilombo tambiri, koma mbozi yake imatha kuwasukulutsa m'mimba. Paliponse pomwe tinadzala kabichi, tinali titamupakulira kale.

Aja akumudzi ndi ena. Woyera amene amauluka m'chigulugulu chakumwera kwa Africa, moti ku Johannesburg amadzaza misewu mu Disembala ndi Januwale, ndi Belenois aurota, wa mizere yoderapo m'mapiko. Banja ndi limodzi, koma mbozi zake zimadya masamba a mitengo yakutchire. Chimene chimaboola kabichi m'madimba a ku Ntcheu kawirikawiri ndi mbozi ya kanjenjete kotuwa, Plutella xylostella.

Za repu wanuyo, tembenuzani masamba m'mawa uliwonse. Mukaona timazira tachikasu tili katokhakatokha, tiphwanyeni ndi chala, kenako mufunditse bedi lonse ukonde wa maso ang'onoang'ono.