Funsani Tikuyankheni: Nyumba akuti K90 miliyoni, ine nditchule zingati?

FUNSO

Zikomo akonzi. Ine ndine mayi wa ana atatu ndipo za lendi zanditopetsa. Ndapeza nyumba ku Area 49, zipinda zogona zitatu, ili mu fensi, madzi ndi magetsi zilipo kale. Dobadoba amene wandionetsa akuti eni ake akufuna K90 miliyoni komanso akuti pali anthu ena awiri akuifuna nde ndichite changu. Ndikaphatikiza ndalama zomwe anasiya malemu amuna anga ndi ngongole ya kubanki ndingakwanitse K80 miliyoni basi. Ndikuopa kutchula zochepa mwina akwiya, komanso ndikuopa kudyeredwa. Ndiyambire pati?

Mayi wa ku Kawale, Lilongwe

YANKHO

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo akunyumba. Ndalama imeneyi ndi ya ana anuwo, nde tiyeni tiigwire ndi manja awiri.

K90 miliyoniyo musaitenge ngati mtengo wa nyumba ayi, imeneyo ndi nambala yomwe eni ake akulakalaka, ndipo nthawi zambiri dobadoba amakhala waikapo kale kake pamwamba kupatula komishoni yomwe adzalandirebe. Za "anthu ena awiri" zija mwina nzoona mwina ayi, koma mawu amenewa amanenedwa pafupifupi pa nyumba iliyonse yogulitsa ndipo ntchito yake ndi yoti mtima wanu uthamange. Pemphani kuti mukumane ndi eni ake maso ndi maso. Akamazemba pamenepo, dziwani kuti pali china chake.

Musanatchule nambala iliyonse pezani valuer wolembetsedwa, katswiri wowerengera mtengo weniweni wa nyumba, akayendere nyumbayo, ndipo akhale wosankha inuyo osati wobwera ndi dobadoba. Mulipira inde, koma ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mamiliyoni omwe mungataye, komanso poti mukudalira ngongole, a banki sabwereketsa potengera zomwe wogulitsa wanena, amatengera lipoti la valuer, nde ngati lipotilo lati K76 miliyoni inu mwalonjeza kale K85 miliyoni zotsalazo zichokera m'thumba mwanu. Yendaninso nokha mumsewu womwewo, chezani ndi oyandikana nawo, a pa okala, funsani nyumba zomwe zagulidwa posachedwa kuti zinapita pa zingati. Ndati zomwe zinagulidwadi, osati zomwe zikungozungulira pa Facebook miyezi ndi miyezi. Ndipo zikhale za posachedwa, chifukwa chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 simenti ndi malata zinakwera moti mitengo yakale ingokusocheretsani.

Kasamu kena kosavuta ndi ka lendi. Tiyerekeze kuti nyumba ngati imeneyo anthu amalipira K400,000 pamwezi, pachaka ndi K4.8 miliyoni, ndekuti K90 miliyoni ingabwerere patatha zaka pafupifupi 19. Werengerani chimodzimodzi nyumba zina za m'deralo muone ngati iyi siyapitirira.

Koma ine pomwe ndimalimbikira kwambiri ndi pa mapepala, chifukwa mapepala ndi amene amakweza kapena kugwetsa mtengo kuposa matailosi. Malowo ndi a ndani, a Malawi Housing Corporation, a khonsolo ya mzinda kapena a unduna wa za malo? Title deed, chikalata cha umwini, ilipo, kapena angokhala ndi kalata yoti anapatsidwa puloti? Ngati ndi lizi ya zaka 99, zatsala zingati? Loya wanu akafufuze ku Lands, ku unduna wa za malo kuja, ngati dzina lili pa mapepala ndi la munthu akugulitsayo komanso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki. Ngati mwini wake weniweni anamwalira, wogulitsayo aonetse mapepala a kukhoti omupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, apo ayi mudzangoona ana ena atulukira patatha chaka akuti sitinavomere ife. Nyumba yoti mapepala ake sali bwino ine sindingakuuzeni kuti tsitsani mtengo, ndingokuuzani kuti isiyeni.

Kenako tengani mmisiri amene mumamukhulupirira akwere kudenga, aone ngati chiswe sichinadye matabwa, ming'alu ya m'makoma, chinyontho m'munsi mwa khoma, mawaya, septiki thanki. Penti watsopano amabisa zambiri, bola mukanaiona nthawi ya mvula koma poti simungadikire funsani maneba komwe madzi amadutsa. Chilichonse chofunika kukonza alembe ndi mtengo wake. Funsaninso ngati palibe ngongole ya ma city rates (msonkho wa ku khonsolo), ground rent (lendi ya malo), bilu ya Lilongwe Water Board kapena ya ESCOM. Zonsezi ndi zochotsera pa mtengo, ndipo ndi zomwe zimakupatsani pakamwa ponenerera, chifukwa munthu sakwiya ukamuuza kuti denga likufuna K4 miliyoni pepala ili, amakwiya ukangotchula nambala yochokera mumutu.

Tsono nambala. K80 miliyoni yanuyo musaiulule kwa aliyense, ngakhale dobadoba akusekereni bwanji, ndipo siyonse yogulira nyumba chifukwa pali loya, valuer, msonkho wa boma wa stamp duty, zolipira ku banki, kusintha dzina ndi galimoto yosamukira. Patulani kaye zimenezo, mwina mutsala ndi K74 kapena K75 miliyoni, amenewo ndiye malire anu, alembeni papepala musanapite. Valuer akati nyumbayo ndi ya cha m'ma K78 miliyoni ndipo zokonza ndi K4 miliyoni, ine ndikanayambira pa K68 miliyoni, mwaulemu, ndi zifukwa zake, nkumakwera pang'onopang'ono miliyoni imodzi kapena ziwiri osati kudumpha. Funsani chifukwa chomwe akugulitsira komanso kuti yakhala nthawi yaitali bwanji pamsika, amene akusamuka kapena banki ikumuthamangitsa amamva msanga kusiyana ndi amene akungoyesa msika.

Valuer akati ndi ya K90 miliyonidi, musadzikakamize kupita ku katapila kuti mukwanitse, ku Area 25 ndi madera ena nyumba ziliponso. Ndipo mukagwirizana, dipoziti isaperekedwe pamanja kwa dobadoba, idutse kwa loya, mgwirizano utalembedwa ndi kusainidwa kuti mapepala akapezeka ndi vuto ndalama yanu ibwerera yonse.