Timadontho toyera pa nsomba za m'thanki tabweranso: ndalakwitsa pati?

FUNSO: Ndili ndi thanki ya galasi ya malita 60 pabalaza, momwe ndimasungamo nsomba za mtundu wa guppy ndi molly, komanso timilamba tiwiri ta Corydoras. Kumayambiriro kwa Juni ndinagula nsomba zina zitatu m'tauni ndipo ndinaziika m'thankimo tsiku lomwelo. Patapita masiku ochepa ndinaona timadontho toyera ngati mchere pa zipsepse ndi pamchira, kwinaku nsombazo zikudzikhula pa timiyala. Ndinathira mankhwala amene ndinagula, timadonthoto tinatha pa tsiku lachitatu, ndipo ndinasiya. Patangotha sabata tabweranso tambirimbiri, ndipo nsomba ziwiri zafa. Kodi mankhwalawo ndi achinyengo? Nanga ana anga, amene amakonda kupisa manja m'madzimo, sangatenge matendawa? Ndine mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Pepani Mayi chifukwa cha nsomba zimene mwatayazo. Za ana musade nazo nkhawa, chifukwa matendawa sagwira anthu, ngakhale kuti kupisa manja a sopo kapena a mafuta odzola m'thanki kumapweteka nsombazo. Mankhwala nawonso sindikuwaimba mlandu msanga. Monga mwafotokozeramu, chimene chinachitika n'chakuti munasiya kuthira pa nthawi imene mankhwalawo anali pafupi kuyamba ntchito yake.

Matendawa, amene ogulitsa nsomba amawatchula kuti white spot kapena ich, amayamba ndi kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius multifiliis, dzina limene katswiri wa ku France, Fouquet, anakapatsa mu 1876. Kachilomboka kamaboola khungu la nsomba n'kukhala m'kati mwake kakudya, ndipo khungulo limakakuta. Kadontho kamene mukukaona ndi kameneko, ndipo kali m'menemo palibe mankhwala amene angakafike. Kakakhuta kamachoka pa nsomba, kamagwera pa timiyala kapena pa zomera, kamadzitsekera m'kathumba n'kuyamba kugawikana mpaka kutulutsa tiana mazanamazana. Tianato timasambira kufunafuna nsomba yoti tilowe, ndipo tikapanda kuipeza m'tsiku limodzi kapena awiri timafa. Mankhwala amapha kachilomboka kali kunja kwa khungu la nsomba chonchi, makamaka tiana tosambirato. Ndiye tsiku lija munaona nsomba zanu zayera bwino, tizilomboto tinali titangotsikira pansi kukaswana, ndipo pamene tiana tinkatuluka m'timathumba tija, m'madzimo munalibenso mankhwala.

Nyengo nayo yakuchitani chipongwe. M'madzi a madigiri 25, ulendo wonsewu umatenga pafupifupi sabata imodzi, koma m'madzi ozizira umatha kutenga masabata angapo. Kuno ku Blantyre, Juni ndi Julayi chiperoni chikamakuta phiri la Michiru, madzi a m'thanki yopanda hita amatsika pansi pa madigiri 20 usiku, ndipo guppy ndi molly, zomwe ndi nsomba za m'madzi ofunda, zimafooka n'kugwidwa mosavuta. Choncho yambani ndi kugula hita pamodzi ndi choyezera kutentha, ndipo mukweze kutentha pang'onopang'ono, digiri imodzi pa maola angapo, mpaka madigiri 28. Kutenthaku pakokha sikuchiza, koma kumafulumizitsa tizilomboto kuti tichoke pa nsomba tikakumane ndi mankhwala. Kumbukirani kuti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, pomwe nsomba yodwalayo ikupuma kale movutika chifukwa tizilomboto timalowanso m'makha mwake, kotero pampu ya mpweya izigwira ntchito usana ndi usiku. Magetsi akazima, fundikani thankiyo ndi bulangete, ndipo nthawi ndi nthawi muzitunga madzi ake ndi kapu n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe.

Mankhwala odziwika bwino a matendawa ndi amene muli malachite green, kawirikawiri wosakaniza ndi formalin, ndipo mudzawazindikira chifukwa amasandutsa madzi kukhala obiriwira. Werengani pa botolo lanu. Musanathire, chotsani makala a m'fyuluta, pakuti makalawo amayamwa mankhwala onse ndipo mumangotaya ndalama, koma fyulutayo izipitirira kugwira ntchito. Nthawi iliyonse musanathire mlingo wina, kokani pafupifupi malita 15 a madzi ndi kapaipi, mukuyendetsa kapaipiko m'kati mwa timiyala kuti muchotse timathumba tija tisanaswe. Madzi obwezeramo, ngati ndi a pampopi, ali ndi klorini, choncho muwathire mankhwala ochotsa klorini kapena agone m'ndowa yosavindikira tsiku lathunthu, ndipo akhale ofunda mofanana ndi a m'thanki. Mupitirize motere kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo kadontho komaliza kakazimiririka muonjezere masiku anayi kapena asanu. Apa m'pamene anthu ambiri amagwera, chifukwa mtima umafuna kusiya nsomba zikangooneka bwino.

Timilamba tanu tikufuna chisamaliro chapadera. Nsomba zopanda mamba enieni sizipirira mankhwalawa ngati zinzake, choncho yambani ndi theka la mlingo wolembedwa pa botolo ndipo muzitiyang'anitsitsa. Mukationa tikupuma mofulumira kapena tikuthamangira pamwamba kosaleka, sinthani gawo la madzi nthawi yomweyo.

Ena adzakuuzani za mchere, ndipo sakunama. Mchere wamba wopanda zosakaniza zina, magalamu 2 mpaka 3 pa lita, umathandiza kwambiri, ndipo guppy ndi molly zimaupirira bwino. M'thanki yanu umenewo ndi magalamu 120 mpaka 180, osungunula kaye m'kapu n'kuthira pang'onopang'ono kwa masiku awiri. Mchere suuluka ndi nthunzi, kotero mumangobwezera wa madzi amene mwachotsa basi. Komabe ine sindingakulangizeni mlingo umenewu pamene timilamba tili momwemo, ndiponso zomera zamoyo zimafota nawo. Sankhani njira imodzi, osaphatikiza mankhwala amitundumitundu poganiza kuti achiza msanga. Makapisozi a anthu, amene ena amakhuthulira m'madzi, sapha kachilomboka, koma amapha mabakiteriya abwino a m'fyuluta amene amayeretsa madzi. Ndipo amene akuweta chambo m'damu asayerekeze kugwiritsa ntchito malachite green, chifukwa ndi woletsedwa pa nsomba zodyedwa.

Matendawa mosakayikira anabwera ndi nsomba zitatu zija, ngakhale zinkaoneka zoyera, popeza kachilomboka kamatha kubisala m'makha. Thanki yonse ndi imene ikudwala tsopano, choncho musavutike n'kupatula za madontho zokha. Mtsogolomu, nsomba yatsopano izikhala payokha m'kathanki kena kapena m'ndowa yaikulu yatsopano, yokhala ndi hita, mpweya ndi kaukonde kakekake, kwa masabata atatu kapena anayi. Madzi a m'pepala la pulasitiki limene mwagulira nsombayo musawathire m'thanki, ndipo musagulenso nsomba ina mpaka patatha mwezi zanuzo zitachira.