Za Cam Newton zinandiliza pachipata, ndiye ganizani kawiri za Flacco

Achimwene, musanatulutse ndalama zanu kuti mukaonere Joe Flacco, quarterback (wosewera amene amaponya mpira ndi kutsogolera anzake pa mpira wa ku America) amene anabwerera ku timu yanu ya Cleveland Browns mu 2025, tamverani zimene zinandionekera ine kuno ku Charlotte mu Novembala 2021, chifukwa mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Timu yathu ya kuno, Carolina Panthers, inamuonetsa msana wa njira quarterback wake Cam Newton mu Malichi 2020, mphunzitsi Matt Rhule atangofika kumene, ngakhale kuti ndi iyeyo amene anatifikitsa ku Super Bowl 50, masewero omaliza olimbirana chikho cha ligi, ndiponso anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse mu ligi m'chaka cha 2015, pamene tinapambana masewero 15 n'kugonja kamodzi kokha. Anakasewera chaka chimodzi ku New England, kumenekonso anamuchotsa mu Ogasiti 2021 pofuna kupereka malo kwa Mac Jones. Sam Darnold, amene anali quarterback wa Panthers nthawi imeneyo, atavulala phewa, akuluakulu a timu yathu anameza manyazi n'kukamugogodera Newton pakhomo, ndipo anasaina pa 11 Novembala. Patangotha masiku atatu, ku Arizona, mpira woyamba umene anaugwira anathamanga nawo yekha n'kugoletsa touchdown (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, kumbali ya adani), wachiwiri anauponya n'kugoletsanso, ndipo tinapambana 34-10. Mzinda wonse unapenga, ndipo inenso ndinali mmodzi wa openga aja.

Masewero otsatira anali a pakhomo, pa 21 Novembala, ndi Washington, timu imene mphunzitsi wake anali Ron Rivera, mwini wake amene anamulera Newton m'zaka zake zabwino. Mitengo ya matikiti inakwera moti ndinatsala pang'ono kutaya mtima, koma mnzanga wa kuntchito anandilumikiza ndi mkulu wina amene ankati ali ndi matikiti awiri a msuweni wake yemwe wachoka. Mkuluyo anali wolankhula mwaulemu kwambiri, ndipo pafoni ankanditchula kuti m'bale wake. Ndinamutumizira ndalama zimene ndinali nditasungira amayi kumudzi za feteleza, ndikudzilimbitsa mtima kuti ndibweza ndikalandira malipiro a mwezi umenewo, ndipo iye ananditumizira zithunzi ziwiri za matikiti pafoni. Ine sindinkadziwa kuti matikiti a masiku ano sayendera chithunzi, amayenera kusamutsidwa kuchoka pa akaunti ya wogulitsa kupita pa yako.

Tinafika kubwalo kudakali maola awiri, ine ndi mwana wanga wamwamuna amene anali ndi zaka 9, atavala jezi ya Newton ya nambala 1 yomwe inali itayamba kumuthina. Tinadya, tinajambulitsa, kenako tinaima pamzere. Titafika pachipata, mayi woona matikiti anaika makina ake pafoni yanga ndipo anakana. Anayesanso kachiwiri, n'kundifunsa modekha ngati ndili ndi tikiti yeniyeni osati chithunzi, ndipo apa m'pamene m'mimba mwanga munatentha. Anthu a kumbuyo kwathu anayamba kung'ung'udza, ine ndikuimbira mkulu uja foni imene inkangolira osayankhidwa, mpaka ulendo wachinayi inapezeka yozimitsa. Anatipempha kuti tipatuke. Tili chiimire pambali pa mpanda, tinamva chimkokomo cha anthu mkatimo pamene dzina la Newton linatchulidwa, pansi pakuchita kunjenjemera, ndipo mwana wanga sanalire mokweza, anangogwira chitsulo cha mpandawo n'kundifunsa kuti, "Adadi, ndiye tilowera khomo liti?" Ndinasowa choyankha. Tinakathera m'galimoto, kuonera masewerowo pafoni yomwe ija, ndipo pamene Newton anagoletsa n'kuthamangira pakati pa bwalo kukaika mpira pachizindikiro cha timu, ife tinamva phokoso lake kudzera pazenera chithunzi chisanafike n'komwe.

Mkulu ameneyo sindidzamukhululukira. Munthu wodziwa kuti pali mwana, chifukwa ndinamuuza, n'kulimba mtima kundidyera masuku pamutu chotero, ndiye kuti umunthu unamuthera kalekale. Mnzanga wa kuntchito uja nayenso anangokweza mapewa n'kunena kuti ankangomudziwa patali, pamene sabata yonse ankamuchemerera ngati anabadwa bere limodzi. Amayi analandira ndalama zawo mochedwa, chimanga chitamera kale, ndipo chifukwa chenicheni sindinawauze mpaka lero.

Chowawa n'chakuti zimene ndinaluzira ndalamazo sizinapite patali. Tsiku limenelo tinagonja 27-21. Sabata yotsatira ku Miami, Newton anaponya mipira 21 ndipo imene inafika m'manja mwa anzake inali 5 yokha, mpaka anamukhazika pansi masewero asanathe, timu n'kugonja 33-10. Masewero onse asanu amene anayamba ndi iye tinagonja, ndipo chaka chinatha titapambana 5 n'kugonja 12. Sindimunena kwambiri mwini wakeyo, popeza phewa lake linali litachitidwa opaleshoni kawiri, phazi linamukhazika pansi pafupifupi chaka chonse cha 2019, ndipo anafika pakati pa nyengo osadziwa kaseweredwe ka aphunzitsi atsopano. Quarterback ndiye amanyamula dongosolo lonse la timu m'mutu, choncho simungamutole Lachinayi n'kuyembekezera kuti akhale wa 2015. M'maganizo mwanga, timu ikaitana katswiri wake wakale nthawi zambiri imakhala itasowa pogwira, ndipo imadziwa kuti dzina lokhalo lidzaza mipando.

Za Flacco wanuyo, n'zoona kuti mu 2023 anapambana masewero anayi mwa asanu n'kuifikitsa Cleveland mu ndime ya chipulula, koma musaiwale kuti Houston inakuphwanyani 45-14, ndipo munthuyo anali ndi zaka 40 pamene ankabwerera mu 2025. Ine ndikanakhala inu sindikanawononga ndalama pogula chikumbutso cha zaka zapitazo, ndikanadikira masabata anayi kapena asanu kuti ndione ngati mkono udakalipo. Komabe katswiri wakale akabwerera chotere ndipo mwana wanu akufuna kupita, pitani pa masewero oyambirira enieniwo, musadikire, chifukwa tsiku lokoma limakhala limenelo basi, ndipo ine chimene chimandipweteka koposa ndalama n'chakuti wanga analimva ali kunja kwa mpanda. Mugule kudzera pa tsamba lovomerezeka la timu ngakhale mtengo ukhale wokwera, ndipo musatumize kobiri kwa munthu aliyense tikiti isanalowe pa akaunti yanu, ngakhale atakhala wa kumpingo kwanu. Jezi yatsopano musagule, yakale ija ikwanira.