Geni ya mabulowa ndi mafani a chigayo: yankho kwa achimwene a ku Mchesi

Achimwene, mwafunsa komwe timakapikula mabulowa ndi mafani, makina owomba mphepo aja, mmene timadutsira nawo pa boda, komanso ngati mpamba womwe mwasunga pa ntchito yanu yowotcherera ungakwane kuyambira geni imeneyi. Ndikuyankhani zonse. Koma ndiyambira pa gudumu la mapiko lija limazungulira mkati mwa chigoba cha bulowa, lomwe amakaniki amati impela, chifukwa phindu la malonda amenewa lagona pamenepo. Chigoba ndi lata wamba, inu nomwe mungachipinde pa shedi panupo. Mota amagulitsa aliyense. Chomwe kasitomala amabwerera kwa iwe chaka ndi chaka n'choti unamupatsa gudumu logwirizana ndi ntchito yake.

Ogula athu muno mu Lilongwe si amtundu umodzi. Ambiri ndi eni zigayo, chifukwa fani ndiyo imakoka ufa pansi pa sefa n'kuukankhira mu paipi mpaka ukafike pa chifanelo chotsitsira m'thumba. Chigayo chokonola nachonso chimadalira mphepo polekanitsa gaga ndi mphale. Kenako pali opuntha mpunga ochokera ku Salima ndi Nkhotakota, akalipentala ofuna chokokera utuchi, osula ndi oumba mapoto a aluminiyamu omwe anasiya mvukuto, eni mabekale ndi malo odyera ofuna kutulutsa utsi, alimi a nkhuku, ngakhalenso obwereketsa tinyumba tofufuma todumphamo ana pa maphwando. Onsewa akalowa pa shopu amangoti akufuna bulowa. Ukawapatsa yofanana, theka la iwo akubwezera sabata isanathe.

Mapiko alipo amitundu itatu ikuluikulu. Oyamba ndi owongoka, ochoka pakati kulunjika kunja osapindika, ochepa komanso okhuthala. Amenewa sasamala kwenikweni magetsi ndipo ndi aphokoso, koma ndiwo mafumu a chigayo, chifukwa ufa, gaga kapena utuchi sizipeza pokakamira. Zimangowombedwa n'kupita. Achiwiri ndi opindikira kumbuyo, ndiye kuti nsonga ya phiko imaloza komwe gudumu likuchokera. Awa amapereka mphepo yambiri pa magetsi ochepa, ndipo ubwino wawo wina n'ngoti ngakhale paipi itatseguka kwambiri, sapanikiza mota mpaka kupsa. Amafuna mpweya woyera kapena wa fumbi lochepa. Achitatu ndi timapiko tambirimbiri tating'ono topindikira kutsogolo, tomwe mumationa m'makina oziziritsa m'nyumba. Timatulutsa mphepo yambiri pozungulira pang'onopang'ono, mwakachetechete, ndipo m'sitolo timaoneka bwino kuposa ena onse. Apa ndi pomwe atsopano amataya ndalama. Kaphiko kalikonse kamakhala ngati chipande chotapira, ndiye mukakaika pa chigayo kamatapa ufa n'kuusunga. Ufawo ukakumana ndi chinyezi umauma mbali imodzi, gudumu limayamba kulemera mbali imeneyo, makina onse n'kuyamba kunjenjemera. Komanso mtundu umenewu ukauyendetsa wopanda paipi yoti iugwireko mphamvu, umakoka magetsi opitirira muyeso, mota n'kutentha.

Tsono poti ndinu owotcherera, mvetsani ichi. Gudumu la mapiko owongoka musamalitengere kunja ayi. Anzanu a ku Mchesi ndi ku Biwi amalidula pa chitsulo chokhuthala n'kuliwotcherera tsiku limodzi, pamtengo woti inu simungapikisane nawo mutalipira basi ndi msonkho. Chokatenga kunja ndi chomwe sichipangika pa shedi: magudumu opindikira kumbuyo, a aluminiyamu oumbidwa ku fakitale, timapiko tambirimbiri tija, kuphatikizapo maberingi abwino, mapule, malamba ndi mamota. Maberingi okhala m'nyumba zawo, a UCP 205 mpaka UCP 208, amagulidwa mwachangu kuposa magudumu enieniwo, ndipo ndiwo amakubwezera ndalama ya thiransipoti pomwe katundu wamkulu akudikira mwini wake.

Geni imeneyi sinyamuka ndi tikiti ya basi. Imayamba ndi tepi ndi vaniya, kachipangizo koyezera zibowo ndi mashafuti, pa chigayo cha kasitomala. Ine ndisanapite ndimayendera anthu anga, n'kutsegulitsa chigoba makina atazimitsidwa. Ndimayeza kukula kwa gudumu kuchokera mbali ina kufika ina, kutambalala kwa phiko, kukula kwa khomo lolowera mpweya, ndi chibowo cha shafuti pamodzi ndi mpata wa kiyi. Chibowocho chisamalireni kwambiri. Makina akale ambiri ali ndi shafuti ya inchi imodzi, yomwe ndi mamilimita 25.4, pomwe magudumu a masiku ano amabwera ndi chibowo cha mamilimita 25 kapena 28. Kusiyanako ndi maso simungakuone, koma pa shafuti gudumu limakana kulowa kapena limagwedera. Mukapeza magudumu omangira pa bushi ya taper lock, tengani amenewo, chifukwa mumangosintha bushi, gudumu limodzi n'kukwana pa mashafuti osiyana.

Kenako lembani mbali yomwe gudumu limazungulirira, mutaima kumbali ya mota kapena pule, ndipo jambulani chithunzi mutaima pomwepo. Gudumu lopindika lili ndi dzanja lake, lamanja kapena lamanzere, ndipo liyenera kugwirizana ndi momwe chigoba chinapindidwira. Chosokoneza n'choti bulowa yozungulira chobwerera imatulutsabe mphepo, yochepa chabe, ndiye kasitomala amaganiza kuti munamugulitsa chinthu chofooka. Ndinaitanidwapo ku chigayo china cha ku Chinsapo, mwini wake atakwiya kuti ufa ukungotsalira mu paipi, matumba a anthu atafola mpaka panja. Ndinamuuza mnyamata wake kuti ayatse n'kuzimitsa nthawi yomweyo, ife tikuyang'ana pule pomwe imachepetsa liwiro. Inkapita mosemphana ndi kamuvi kojambulidwa pa chigoba. Wamagetsi yemwe anabwezeretsa mota atailukitsa anali atasinthanitsa mawaya. Pa mota ya mafezi atatu, kusinthanitsa mawaya awiri okha kumatembenuza kazunguliridwe. Anawabwezera m'malo mwake, thumba la nsalu la pa chifanelo linafufuma pompo, ufa n'kuyamba kutsika.

Za liwiro nazo muzidziwe pamtima, chifukwa makasitomala amakonda kunena kuti tingoikapo pule ina kuti iwombe kwambiri. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, mavoti 230 pa laini ya m'nyumba ndi 400 pa mafezi atatu. Pa magetsi amenewa mota wamba imazungulira kokwana pafupifupi 1,450 kapena 2,900 pa mphindi, malinga ndi kalukidwe kake. Mukachulukitsa liwiro la gudumu kawiri, mphepo imachuluka kawiri, mphamvu yokankhira imachuluka kanayi, koma mphamvu yomwe mota ikufunika kutulutsa imachuluka kasanu n'katatu. Ngakhale kungowonjezera liwiro ndi 10 pa 100 kumafuna mota yamphamvu yoposa ndi pafupifupi 33 pa 100. Ndiye munthu akasintha pule mota n'kupsa, amabwera kwa inu kuti munamugulitsa mota yabodza. Muuzeni masamu amenewa pa tsiku logula, musanalandire ndalama yake.

Werenganinso kachitsulo kolembedwa pa mota. Katundu wa ku China, Tanzania, Zambia ndi South Africa amakhala wa 50 Hz ngati kwathu kuno. Koma m'makontena a zakale mumapezeka za ku America zolembedwa 60 Hz. Zimenezo zikafika kuno zimazungulira mochedwerapo, mphamvu yokankhira n'kutsika ndi pafupifupi 30 pa 100, osanenanso za mavoti omwe nthawi zambiri sagwirizana ndi athu. Chinanso chomwe ambiri sachiganizira: Dar es Salaam ili m'mbali mwa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000. Mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye bulowa yomwe inakusangalatsani poyesa ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam ikankha mocheperako ikafika ku Area 25. Musagule yongokwanira ndendende, siyani kampata.

Tsopano za njira. Ku Dar es Salaam ndiko kuli katundu wotsika mtengo wa ku China ndi India, ku Kariakoo ndi madera ozungulira. Basi imadzera Mzuzu, Chiweta, Karonga, kuwoloka pa Songwe kupita Kasumulu, kenako Tukuyu, Uyole, Iringa, Morogoro. Ndi ulendo wotopetsa, woposa usana ndi usiku. Ku Johannesburg ndi kodula, koma ndiko mungapeze magudumu oyezedwa bwino kulemera kwake ku fakitale, okhala ndi pepala losonyeza mphepo yomwe amatulutsa pa liwiro lililonse. Njira yake ndi ya Dedza kapena Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge. Lusaka ndi yapafupi, kudzera Mchinji ndi Chipata, ndipo chitsegulireni boda yogwirira ntchito pamodzi ya Mchinji ndi Mwami mu December 2022, mapepala a mbali zonse ziwiri amathera malo amodzi. Kwa oyamba kumene ndimalangiza Dar, koma mutagwira kale maoda m'manja.

M'sitolo musachite manyazi kugwira katundu. Ikani gudumu pa shafuti kapena pa chitsulo chosalala, lizungulitseni ndi dzanja, ndipo likaima lembani ndi choko pansi pake. Bwerezani kangapo. Likamaima malo amodzimodzi, mbali imeneyo ndi yolemera, lisiyeni. Labwino limaima paliponse. Yang'anani mowotcherera phiko lililonse, maso anu amenewo ndi ophunzira kale kuposa anga. Mukaona tizitsulo tating'ono tomatidwa kapena kupanidwa m'mbali mwa gudumu, musatichotse poganiza kuti ndi zotsalira, ndi tomwe a ku fakitale anayezera kulemera. Kuyesa kwa choko kumathandiza pa magudumu opyapyala. Otambalala, makamaka oyenda pa 2,900, amafuna makina oyezera akuzungulira, n'chifukwa chake amenewo ndimalolera kulipira zambiri kwa wogulitsa wodziwika. Gudumu lonjenjemera limadya maberingi, limasweka mowotcherera, ndipo phiko likathothoka pa liwiro lotere limaboola chigoba. Pa chigayo pamakhala amayi ndi ana ataima pafupi. Nkhani imeneyi sindimaitenga mwachibwana.

Kulongedza ndi ntchito yanu, musasiyire anyamata opakira. Gudumu lililonse ligonekeni pakati pa matabwa awiri a pulayi, mumange ndi bawuti kudzera pa chibowo cha shafuti, ndipo mota izikhala m'bokosi lake payokha. Pansi pa basi amaponyapo mabelo ndi matumba, ndipo phiko likangopindika pang'ono, zonse munayeza zija zapita.

Pa boda khalani ndi TPIN yanu (nambala ya wokhoma msonkho) ya ku MRA, invoisi yeniyeni ndi mndandanda wa katundu wolembedwa momveka. Mafani ndi mabulowa ali pa nambala 8414 ya buku la msonkho, pomwe makina ogayira mbewu ndi zipangizo zake ali pa 8437, ndipo msonkho wake ukhoza kusiyana, choncho kafunseni ku ofesi ya MRA musananyamuke kuti mudziwiretu mtengo. Mumva anthu akukamba za ndondomeko ya COMESA yofewetsera amalonda ang'onoang'ono, ya katundu wosapitirira madola 2,000. Ilipodi pa Mchinji, koma ndi ya katundu wopangidwa m'maiko athu omwewa komanso yemwe ali pa mndandanda womwe maiko anagwirizana. Bulowa ya ku China siisanduka ya ku Zambia chifukwa mwaigula ku msika wa Kamwala ku Lusaka. Tanzania nayo inatuluka mu COMESA m'chaka cha 2000. Chimodzimodzi ku Johannesburg, kuchotseredwa msonkho kwa SADC kumafuna chikalata chotsimikiza kuti katunduyo anapangidwa ku South Africa komweko. Adobadoba akuuzani kuti akudutsitsirani njira yachidule. Zitsulo zolemera chotere sizibisika, ndipo m'njira muli marodibuloko ofunsa lisiti la msonkho. Katundu akagwidwa, mpamba wonse watha tsiku limodzi. Gwiritsani ntchito ejenti wa chiphaso ndipo lisiti muzilisunga nokha.

Chovuta kwenikweni masiku ano ndi ndalama zakunja. Ku banki sizipezeka msanga, ndipo mtengo womwe mumazipezera ndi womwe umalamula mtengo wa katundu wanu. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100, mu November 2023 ndi 44 pa 100. Amalonda omwe anali atakongoza katundu pa mtengo wakale analandira ndalama zosakwana kukaodanso katundu wofanana ndi yemwe anagulitsa. Choncho mtengo muziuwerengera pa zomwe mudzawononge pokatenga china, mutaphatikiza basi, malo ogona, opakira, msonkho, VAT ndi ejenti, osati pa zomwe munalipira mwezi watha. Ngongole ya nthawi yaitali musapereke, ndipo pa gudumu la oda yapadera landiranitu theka.

Za mpamba wanu, ukhoza kukwana ngati simuyamba ndi mabulowa athunthu. Yambani ndi maberingi, malamba, mabushi ndi magudumu ochepa omwe eni ake alipira kale gawo, zigoba muzipinda nokha pa shedi. Nyengo yabwino ndi yokolola, kuyambira April mpaka July, pomwe zigayo zimagwira usana ndi usiku ndipo mwini chigayo sangalole kugona tsiku limodzi makina ataima. Ndiye kuti katundu azikhala atafika mu March. Kuyambira pano mpaka nthawi imeneyo, yendani m'zigayo za ku Kawale, Chinsapo, Mtandire ndi Area 36 ndi kope lanu, mulembe miyeso ya fani iliyonse, dzanja lake, ndi zolembedwa pa mota. Mukadzaza masamba angapo muona kuti masaizi atatu kapena anayi ndiwo akubwerezabwereza. Mubwere nalo kopelo tidzaonere limodzi, ndikuuzani oyenera kukatenga ku Dar ndi oyenera kuwotcherera nokha.