Bambo a ana anga akukana kumvera khoti, nditani?

FUNSO: Khoti la majisitireti linalamula bambo a ana anga kuti azipereka K60,000 pamwezi yothandizira ana awiri. Anapereka kamodzi, kenako zii. Akuti anachita apilo, ndiye sapereka kanthu mpaka mlandu utathe. Chonsecho agula njinga yamoto. Kodi palibe chilango? — Mayi wa ana awiri, Mchinji

YANKHO: Mayi, chilango chilipo, koma sichibwera chokha. Khoti siliyenda m'makomo kukafunsa ngati ana adya. Bwererani kukhoti lomwelo, mukaonane ndi kalaliki mutatenga pepala la chigamulo. Lembani miyezi yonse imene sanapereke, ndipo ngati ndalama yoyambayo inabwera pa Airtel Money kapena Mpamba, uthengawo musaufufute.

Za apilozo asakuopsezeni nazo. Kuchita apilo sikuimitsa chigamulo. Chimaima pokhapokha iwo atapempha kuti chiyambe chaima, khoti n'kuvomera. Afunseni akuonetseni pepala limenelo. Ngakhale munthu akuona kuti majisitireti analakwitsa, amamvera kaye mpaka khoti litasintha.

Kukana dala lamulo la khoti ndi mlandu wonyoza khoti, ndipo munthu angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa kundende. Sizisankha nkhope: mu 2019 Bwalo Lalikulu linapeza alembi akuluakulu awiri a boma, wa zaulimi ndi wa zachuma, olakwa pamlandu womwewu, pa nkhani ya mathirakitala amene boma linagula ndi ngongole ya ku India.

Khoti limayamba lawaitana bambowo kuti afotokoze. Limasiyanitsa munthu amene walepheradi, mwina ntchito yatha, ndi wochita matama. Apa ndi pamene njinga ija idzakuyankhulireni, choncho musaiwale kuitchula.

Koma ine ndingati musathamangire za ndende. N'zoona kuti kumangidwa sikufafaniza ngongoleyo, koma munthu ali ku Maula sagula ufa kapena yunifolomu. Ngati ali pantchito yolembedwa, pemphani kuti ndalamayo izidulidwa kumalipiro. Ngati ndi wabizinesi, khoti lingalamule kuti katundu wawo alandidwe n'kugulitsidwa kuti mulandire za miyezi yapitayo.

Chinthu chimodzi musachite: kupita ndi achimwene anu kukalanda njingayo nokha. Mlandu ungakutembenukireni. Ngati zakukhoti zikukuvutani, pitani ku Legal Aid Bureau, amene ntchito yawo ndi kuthandiza anthu osakwanitsa kulipira loya.