Bodza la pa WhatsApp linatsala pang'ono kundiotchetsa pa Lizulu

Achimwene, pa nkhani mwafunsayi ya mlamu wanu amene wina akumufalitsira bodza pa gulu la WhatsApp, ine ndikuti wabodzayo amangidwe basi! Amene akuti boma lisalowerere nkhani ya mlamu wanuyo poti aliyense ali ndi ufulu woyankhula, sanazingidwepo ndi chigulu cha anthu olusa.

Ine ndimapikula mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu kukagulitsa ku Lilongwe. Mayi wina amene tinasemphana pa mtengo anajambula galimoto yomwe ndinachita hayala, nambala ikuoneka bwinobwino, n'kuponya pa gulu la WhatsApp limodzi ndi voice note yoti anthu awa akuba ana. Ine osadziwa kanthu. Ndili mkati mosoka matumba, ndinangoona amayi omwe ndimawagula masiku onse akukoka ana awo n'kumasuntha. Posakhalitsa anyamata a kabaza atchinga kutsogolo ndi kumbuyo. Wina anandiika foni kukhutu kuti ndidzimvere ndekha, ndipo mawuwo ndinawazindikira pompo. Mwala woyamba unaswa galasi n'kumutema dalaivala pachipumi, mnyamata wosalakwa, magazi chuchuchu. Anatsitsa matumba onse n'kuwang'amba ndi mipeni ati akufuna mwana, mbatatesi mbwee mumsewu, ena akutolera m'zitenje. Kumbuyo wina akukuwa kuti bweretsani petulo. Ndinayesa kuyankhula, mawu osatuluka. Anandipulumutsa ndi agogo ena ogulitsa anyezi, anandigwira dzanja n'kunena kuti mwana uyu ndimamudziwa, kwawo ndi kwa Ganya, muyambe mwapha ine.

Mayi uja mpaka lero ali pamsika pomwepo, ngakhale pepani sananene. Admin wa gululo anangofufuta uthengawo, ati sangalondere pakamwa pa aliyense. Galasi ndinalipira ine, mpamba wonse unathera pomwepo. Munthu wamkulu, wa ana ake, osakumbuka kuti mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017? Mtima wake ndi wotani?

Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo limaletsa kuzunza munthu pa intaneti. Chimandiwawa n'chakuti limathamanga nkhani ikakhudza akuluakulu. Mu 2022 namwino wa konkuno ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha zomwe analemba pa gulu la WhatsApp zokhudza pulezidenti. Ine amene ndinanunkhiza petulo, kumene ndinakadandaula anangondiuza kuti mukakambirane kwa amfumu.

Ndiye mlamu wanuyo ajambule screenshot chilichonse, voice note aisunge pa foni ina, nambala ya woyambitsa ailembe, apezenso mboni ziwiri zomwe zili pa gulupo. Asayankhe pa gulu, kuyankha kumangowonjezera moto. Koma zomwe ena mukunena, zoti boma lizitseka magulu kapena kuwerenga mafoni athu, ayi, zimenezo ndakana. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu woyankhula, ndipo ndi pa WhatsApp pomwepa pamene timauzana kuti mankhwala asowa kapena feteleza wotsika mtengo sanafike. Mukawapatsa mphamvu zimenezo, oyamba kutsekedwa pakamwa ndife, osati mayi ngati uja.

Kunena zoona, ngakhale ndati wabodzayo amangidwe, mlamu wanuyo ayambe kaye kwa amfumu, wabodzayo akaitanidwe atsutse yekha pa gulu lomwelo ndi mawu ake. Za milandu zimadya thiransipoti. Ndipo sabata ino asapite kumsika yekha, muzimuperekeza.